Wodwala wobwerera pageti salowa m'kaundula

Funso

Ndine namwino, ndagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku OPD ndi ku kiliniki ya ma ARV, ndipo chaka chamawa ndikufuna kuyamba Masters. Ndamva kuti kumayiko ena kuli anamwino amene afika mpaka pa uprofesa pofufuza za umoyo wa anthu a transgender. Kodi imeneyi ndi ntchito ya unamwino, kapena ndi ndale chabe? Amafufuza chiyani kwenikweni, nanga njira yake imayenda bwanji? Ine ndakumanapo ndi odwala atatu otere, awiri sanabwerenso. Nkhaniyi imandivutitsa mumtima, koma ndimaopa zonena anthu, kumpingo ndi kuntchito komwe.

Yankho

Anamwino, ndiyambira pa awiri aja amene sanabwerenso, chifukwa funso lanu lagona pomwepo. Mukatsegula kaundula wa kiliniki yanu lero, muwapeza m'gulu la ma defaulter, odwala amene anasiya kubwera, limodzi ndi amene anasamukira ku Joni ndi amene anasowa ndalama ya kabaza. Kaundulayo ali ndi timabokosi tiwiri, M ndi F, ndipo alibe polemba chimene chinamuchotsa munthu pamzere. Lipoti la mwezi likakwera kuboma, anthu awiriwo akhala atasungunuka m'nambala za ena.

Zaka zapitazo ndinali sisitala woyang'anira OPD pachipatala china. Tsiku lina m'mawa kalaliki anaitana dzina lachimuna lomwe linali pakabuku ka kuchipatala. Amene anadzuka pabenchi anali atavala chitenje ndi duku, nsidze zokonza bwino, kachikwama kali m'khwapa. Benchi yonse inangoti zii, kenako kuseka kwa pansipansi kunayambira kumapeto. Namwino mnzanga anasiya munthu amene amamuyeza BP, nakakodola anyamata awiri a ku labotale kuti "tabwerani mudzaone". Wodwala uja sanalankhule kanthu. Analandira kabuku kake m'manja mwa kalaliki, nakapinda pakati, nakalowetsa m'chikwama, n'kulunjika pageti. Ankatsokomola chifuwa chozama, cha mtundu uja umene ukaumva umafuna makhololo akayezedwe tsiku lomwelo. Ine ndinali chiimire pakhomo la ofesi, ndipo sindinatsegule pakamwa. Mwezi utatha ndinasaina lipoti, ndipo munalibe mzere uliwonse wonena za munthu ameneyu.

Ntchito imene mukufunsayi ndi yofufuza anthu ngati ameneyu, amene chipatala chinawataya osadziwa n'komwe kuti chataya munthu. Ngati kufunsa chifukwa chimene mayi woyembekezera amachedwera kuyamba sikelo ndi unamwino, ndiye kuti ichinso ndi unamwino. Ndale zilipo, ndizikamba pansipa, koma zimapeza funso la namwino lili kale pamalo.

Tigwirizane kaye pa mawu, chifukwa anamwino ambiri timasakaniza zinthu zitatu. Munthu wa transgender ndi amene mmene amadzidziwira, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, sizigwirizana ndi zimene azamba analemba tsiku limene anabadwa. Amene analembedwa kuti mnyamata koma amadzidziwa ndi kukhala ngati mkazi timati mkazi wa transgender. Amene analembedwa kuti mtsikana koma amakhala ngati mwamuna, mwamuna wa transgender. Nkhani ya amene munthu amakopeka naye ndi ina. Ya ana obadwa ndi ziwalo zosaonetsa bwino kuti ndi zachimuna kapena zachikazi ndi inanso. Mukaziphika mu mphika umodzi, woyesa mayeso adzakubwezerani pulopozo yanu, chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, asanafike tsamba lachitatu. Dziwaninso kuti bungwe la WHO, m'buku lake latsopano la mayina a matenda lotchedwa ICD-11, lomwe mayiko analivomereza mu May 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu January 2022, linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a misala n'kuiika pansi pa zaumoyo wokhudza kugonana. Mabuku amene ambiri a ife tinaphunzirira anali a kale.

Unamwino unachedwa kwambiri pankhaniyi. Mu 2010 Michele Eliason ndi anzake awiri anawerenga nkhani zonse zimene zinatuluka m'magazini khumi otchuka a unamwino kuyambira 2005 mpaka 2009. Zinali pafupifupi 5,000. Zokamba za umoyo wa anthu a transgender pamodzi ndi okondana amuna kapena akazi okhaokha zinapezeka zisanu ndi zitatu basi. Ndiye amene mukuwamva kuti ndi maprofesa lerowa anayamba kulima patsala.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupatsa ophunzira anga ndi cha Elizabeth Saewyc, namwino amene ndi profesa pa University of British Columbia mumzinda wa Vancouver ku Canada. Ndimamukonda chifukwa sanadzuke tsiku limodzi n'kunena kuti ine ndikhala katswiri wa za transgender. Anayambira ku America, pa nkhani imene inu ndi ine timaidziwa bwino: mimba za atsikana achichepere. Mu 1999, chaka chimene anamaliza PhD yake ku University of Washington, iye ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atabwereranso ku mayankho a ana asukulu a ku Minnesota, amene anasonkhanitsidwa mu 1987. Anthu ankangoganiza kuti mtsikana wokopeka ndi atsikana anzake za mimba sizimukhudza. Nambala zinanena zina. Mwa atsikana otere, ndi ena okopeka mbali zonse ziwiri, 12 pa 100 aliwonse anali atatengapo mimba, pamene mwa anzawo ena anali 5 kapena 6. Kumbuyo kwake kunali kugwiriridwa, kuthawa pakhomo, kugona ndi amuna kuti apeze pogona. Mayankhowo anakhala m'kabati zaka khumi ndi ziwiri kudikira munthu wodzafunsa funso limene ena ankaliona ngati lopanda mutu.

Atasamukira ku Vancouver anadziphatika ku bungwe la McCreary Centre Society, limene kuyambira 1992 lakhala likufunsa ana asukulu a chigawo cha British Columbia za umoyo wawo, ndipo masiku ano limatero zaka zisanu zilizonse. Anakhazikitsanso gulu lake la kafukufuku lotchedwa SARAVYC. Zilembo S ndi R za koyambirira kwa dzinali zikuimira mawu a Chingerezi a kusalidwa ndi kupirira, ndipo kuphatikiza kumeneku ndi kumene kumandisangalatsa pa ntchito yake: kuwerenga mabala okha sikumukwanira, amafunanso kudziwa chimene chimateteza mwana. Mu 2014 gulu lake linaunika mayankho a ophunzira oposa 21,000 pofuna kuona ngati pali kusiyana pakati pa masukulu amene ali ndi makalabu olimbana ndi kutonza ana ooneka osiyana ndi anzawo, ndi masukulu amene alibe. Kumene kalabu yakhala zaka zitatu kapena kuposa, ngakhale anyamata wamba, okopeka ndi atsikana, chiwerengero cha oyesa kudzipha chinali theka poyerekeza ndi masukulu enawo. N'zomveka. Sukulu imene mnyamata amamenyedwa chifukwa choyenda ngati mkazi ndi sukulu imene mnyamata aliyense wofatsa amakhala ndi mantha.

Kafukufuku wa achinyamata a transgender anabwera pambuyo pa zonsezi, patatha zaka pafupifupi khumi ndi zisanu chimalizireni PhD. Kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka pakati pa 2014 anafunsa achinyamata 923 a zaka 14 mpaka 25 m'dziko lonse la Canada, kudzera pa intaneti, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo lipoti linatuluka mu 2015. Pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anali atadzivulaza dala m'chaka chimenecho. Oposa mmodzi mwa atatu anali atayesapo kudzipha. Mwa amene anali ndi dokotala wawo wa nthawi zonse, 15 okha pa 100 ndi amene ankamasuka kwenikweni kukamba naye za nkhaniyi. Ku Canada kumeneko, kumene kuonana ndi dokotala munthu salipira pakhomo. Koma amene anali ndi munthu wamkulu wowamvetsa, m'banja ndi kunja kwa banja, mwayi woti anene kuti maganizo awo ali bwino unali wochuluka kanayi. Nkhani ya mimba sanaisiye. Anafunsanso, ndipo mwa amene anayankha, pafupifupi 5 pa 100 anali atatengapo kapena kupereka mimba, mofanana ndi achinyamata ena. Mu 2019 anabwerezanso kafukufukuyu ndi achinyamata 1,519.

Pali zinthu ziwiri zobisika m'mbiriyi zimene ndikufuna muzione. Mafunso ambiri anawatenga dala kuchokera ku mafunso amene ana asukulu wamba anayankhapo kale, kuti nambala zikatuluka pakhale poyerekeza. Kunena kuti anthu 60 pa 100 ali ndi nkhawa n'kopanda ntchito ngati simukudziwa kuti mwa anzawo ndi angati. China n'chakuti achinyamata a transgender eni ake anakhala m'magulu a alangizi, kuunika mafunso ndi kuthandiza kutanthauzira zotsatira. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga la nyumba imene iwe sugonamo. Ndipo amene anatsogolera kulemba lipoti la 2015, Jaimie Veale, anapita ku University of Waikato ku New Zealand, kumene mu 2018 anatsogolera kafukufuku wa mtundu womwewo wa anthu 1,178. Uprofesa umayezedwanso pamenepo, pa anthu amene anadutsa m'manja mwako n'kukayambitsa zawo.

Tsopano ndikuuzeni mbali imene anthu okonda nambala zodzidzimutsa amaidumpha. Mafunso a pa intaneti amayankhidwa ndi amene wawaona, amene ali ndi foni ndi bandulo, amene wafuna. Simungalumbire kuti anthu 923 aja akuimira achinyamata onse a transgender m'Canada. Chimodzimodzi kafukufuku wamkulu wa ku America wa 2015, amene anayankhidwa ndi anthu 27,715. Anapeza kuti mmodzi mwa atatu amene anapita kuchipatala chaka chimenecho anakumana ndi zosayenera, 23 pa 100 sanapite n'komwe ali odwala chifukwa cha mantha, ndipo 24 pa 100 anachita kuphunzitsa okha wachipatala za thupi lawo. Nambala zolemera, koma za anthu odzipereka okha. Komanso kufunsa kamodzi kumangoonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Sikutsimikiza kuti ichi chinabala icho. Eni kafukufukuyo amalemba zimenezi poyera. Amene amaziiwala ndi owatchula m'misonkhano.

Vuto la gwero ndi lakuti palibe mndandanda wa anthuwa woti musankhepo mwachisawawa monga timachitira ndi nyumba za m'mudzi. Ku Ontario, Greta Bauer ndi anzake anayesa njira ina mu 2009 ndi 2010. Anayamba ndi anthu ochepa, aliyense n'kumupatsa makuponi oti akapatse anzake, anzakewo n'kupatsanso ena, kwinaku akulemba kuti aliyense amadziwana ndi anthu angati kuti adzakonze masamu pomaliza. Anafika anthu 433, ndipo 21 pa 100 anati anapewapo kupita ku chipatala cha odwala mwadzidzidzi poopa mmene akawalandirire. Njira imeneyi imadya nthawi, nthawi zina unyolo umaduka pa munthu wachitatu n'kudikira milungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Canada inadzafika pofunsa nkhaniyi m'kalembera wa dziko lonse mu 2021, dziko loyamba kutulutsa chiwerengero chotere, ndipo anapezeka anthu 100,815 a zaka 15 kupita m'mwamba, kapena kuti mmodzi mwa anthu 300. Ngati mukufuna kudzakhala wofunika m'gawo limeneli, kondani masamu a kasankhidwe ka anthu. Omvera chisoni alipo ambiri, odziwa kuwerenga anthu obisika ndi ochepa.

Mwafunsa kuti amafufuza chiyani. Zambiri ndi za pabedi pa wodwala, zimene mungakumane nazo Lolemba likubwerali.

Mwamuna wa transgender amene chiberekero chilipo afunika kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero ngati wina aliyense. Kwathu kuno, kumene khansa imeneyi ili pakati pa yochuluka kwambiri padziko lonse, taganizirani munthu wa ndevu atakhala pamzere woyezetsa khansayi, wa VIA, pakati pa amayi. Apita? Mahomoni a testosterone amatha kuimitsa msambo, koma si njira yolera, ndipo ena atenga mimba akuganiza kuti n'zosatheka. Mkazi wa transgender amakhalabe ndi prostate, kachiwalo kachimuna ka pansi pa chikhodzodzo, ndipo akakula matenda ake samusiya chifukwa wavala diresi. Kumene mahomoni sapezeka kuchipatala, ena amagula mapiritsi olera n'kumamwa angapo patsiku kuti thupi lifewe. Mapiritsi ambiri olera ali ndi ethinylestradiol, mtundu wa estrogen umene madokotala anausiya pa ntchito imeneyi chifukwa umaundanitsa magazi m'mitsempha. Wodwala wotere akabwera mwendo umodzi utatupa ndi kupweteka, ndipo inu simunafunse zimene akumwa chifukwa pakabuku palembedwa M, mumupatsa panado n'kumuuza kuti akapume.

Ku mbali ya HIV nkhani ndi yolemera. Mu 2013 Stefan Baral ndi anzake anaphatikiza zotsatira za m'mayiko 15 n'kupeza kuti akazi a transgender 19 pa 100 anali ndi kachilombo. Pamene mankhwala oteteza ku kachilomboka a PrEP ankayesedwa m'kafukufuku wa iPrEx, munali akazi a transgender 339. Poyamba zinaoneka ngati mankhwalawo sanawathandize: 11 anatenga kachilombo m'gulu lolandira mankhwala, 10 m'gulu lolandira mapiritsi opanda mankhwala. Atayeza magazi anapeza kuti mwa 11 aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene mankhwalawo anapezeka m'thupi mwake pa nthawi imene kachilombo kanapezeka. Sankamwa. Chimodzi mwa zifukwa zimene zakhala zikutuluka m'makafukufuku otsatira ndi mantha akuti PrEP kapena ma ARV asokoneza mahomoni, ndipo munthu akasankha pakati pa ziwirizi amasankha mahomoni. Pamene anayeza, PrEP sinapezeke ikutsitsa estrogen. Mwa ma ARV, efavirenz amatha kuitsitsa, koma dolutegravir, amene Malawi anasamukirako kuyambira 2019, alibe vuto limenelo. Namwino wodziwa zimenezi atha kubweza munthu pa mankhwala ndi kucheza kwa mphindi zisanu. Labotale inayankha kuti mankhwala mulibe m'magazi. Funso lakuti chifukwa chiyani linali la ife anamwino.

Za makwerero a ntchito sindichedwapo, ndi omwewo a wina aliyense. Masters imakuphunzitsani kufunsa funso limodzi laling'ono n'kuliyankha bwinobwino. PhD imatenga zaka zitatu mpaka zisanu. Kumayiko a kumpoto ambiri amawonjezera zaka ziwiri kapena zitatu akugwira pansi pa profesa wina asanapatsidwe malo a uphunzitsi, kenako moyo umakhala wa kuphunzitsa, kulemba mapepala, ndi kupempha ndalama za kafukufuku, kukanidwa, kupemphanso. Saewyc anafika mpaka pokhala mkulu wa sukulu ya unamwino ya pa yunivesite yake, ndiye musamvere amene akuti mutu umenewu umatsekera munthu m'kakona.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama za gawo limeneli zimayendera mphepo ya ndale. Ku America, lipoti la Institute of Medicine la 2011 linadandaula kuti umboni ndi wochepa kwambiri, ndipo mu 2016 bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, la NIH, linaika anthuwa m'gulu la amene amatsalira pa zaumoyo, zomwe zinatsegula khomo la ndalama. Mu 2025 boma litasintha, bungwe lomwelo linadula thandizo la makafukufuku ambiri okhudza nkhaniyi ali pakati. Chaka chomwecho ndalama za USAID zitaima, makiliniki othandiza anthu a transgender amene bungwe la kafukufuku la Wits RHI linkayendetsa ku South Africa anatsekedwa. Anthu anali pa mankhwala, ophunzira anali pakati pa PhD. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira anga kuti akhale ndi luso limene lingasamuke: amene amadziwa kufufuza kusalidwa ndi kusiya mankhwala adzagwira ntchito pa TB, pa khunyu, pa achinyamata a ma ARV, ngakhale mphepo itatembenuka.

Mkangano weniweni wa akatswiri uliponso, ndipo ndingakunamizeni nditaubisa. Wagona pa ana amene sanathe msinkhu, makamaka mankhwala ochedwetsa kutha msinkhu. Ku England, lipoti la dokotala wa ana Hilary Cass la April 2024 linati umboni wa ubwino wa mankhwalawa ndi wofooka, ndipo zipatala za boma kumeneko zinasiya kuwapereka mwachizolowezi. Mabungwe akuluakulu a madokotala a ana kumayiko ena sanagwirizane nazo zonse. Ine maganizo anga ndi akuti pamene umboni uli wochepa tizinena kuti ndi wochepa, kaya zikomera mbali iti. Wofufuza amene akudziwa kale yankho asanatole mayankho wasanduka mlaliki. Koma mkangano umenewu usakuphimbeni m'maso. Chifuwa cha munthu wa duku uja sichinkadikira kuti a ku London agwirizane.

Ndibwere kwathu tsopano, pakuti mukuphunzira kuno. Simungakopere kafukufuku wa ku Vancouver n'kungosintha mayina a mizinda. Kumeneko wofufuza amaopa kuti anthu sayankha. Kuno aziopa kuti mayankho angamangitse munthu. Ndime 153 ya malamulo a milandu imapereka chilango chofika zaka 14 pa zimene imazitcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe, ndime 156 ndi 137A zaka zisanu, ndipo pa 28 June 2024 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa ndime 153 ndi 156. Mmodzi mwa amene anakadandaula kubwaloko anali mkazi wa transgender amene anali kale kundende. Ndimezi zimakamba za zochita, sizitchula mawu akuti transgender, koma pamsewu ndi papolisi kusiyanitsa kumeneko kulibe. Mbali inayi, ndondomeko za dziko zolimbana ndi HIV zimawatchula anthuwa m'magulu ofunika kuwafikira mwapadera. Boma lomwelo, dzanja lina likuitana, lina lagwira unyolo. Inu mudzagwira ntchito pakati pa manja awiriwa.

Tanthauzo lake ndi lakuti gawo la chitetezo m'pulopozo yanu lidzakhala lalitali kuposa la mafunso. Komiti yovomereza makafukufuku ya ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena ya NHSRC ku unduna wa zaumoyo, idzafuna kudziwa zinthu zenizeni. Fomu yovomereza yosainidwa ndi dzina ndi umboni woti ungagwe m'manja olakwika, ndiye pemphani chilolezo choti anthu avomere pakamwa. Mawu ojambulidwa alembedwe msanga n'kufufutidwa, asagone mufoni imene ana anu amaseweretsa madzulo. Polemba zotsatira, musati "wazaka 24, wometa tsitsi pamsika wakutiwakuti", chifukwa m'tauni yaing'ono mwamutchula kale dzina. Malo ochezera asankhe yekha. Ndalama ya thiransipoti ikhale ya thiransipoti, isakule mpaka munthu wanjala avomere zimene sakanavomera. Ndipo musanafunse aliyense za kudzipha kapena kugwiriridwa, dziwiranitu kumene mudzamutumize akayamba kulira, ndi dzina la munthu amene adzamulandire kumeneko. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu ngati CEDEP akhala akugwira ntchito ndi magulu amenewa kwa zaka zambiri. Pitani mukadzionetse, mumve zimene eni ake akufuna zifufuzidwe. Ambiri atopa ndi alendo obwera ndi mafomu, kutenga nkhani zawo, n'kusowa.

Pa Masters, langizo langa ndi lakuti musayambe ndi odwala. Yambani ndi ife. Funsani anamwino, makalaliki, alonda a pageti ndi ma HSA m'zipatala ziwiri kapena zitatu: munthu wotere akabwera mumatani, mumamugoneka wodi iti, munaphunzirapo chiyani kusukulu, mumaopa chiyani? Anthu ake ndi osavuta kuwapeza, chiopsezo kwa odwala ndi chochepa, komiti siivuta kwambiri, ndipo zotsatira zake zimalowa m'maphunziro a anamwino mosachedwa. Mudzadabwa kuti ambiri si ankhanza. Sadziwa chochita, ndiye amabisala m'nthabwala, monga anachitira mnzanga uja, ndi monga ndinabisalira ine m'kukhala chete. Mukafika pa PhD mudzakhala mutadziwika ndi eni nkhani, ndipo mudzatha kupita kwa iwo. Ngati mudzafune kuona kumene chithandizochi chimaperekedwa poyera, South Africa ili pafupi: lamulo lawo la 2003 limalola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso, chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chili ndi kiliniki yake, ndipo bungwe la madokotala a HIV a kum'mwera kwa Africa linatulutsa malangizo ake mu 2021. Thandizo la ndalama za maphunziro la Commonwealth, la Beit Trust ndi la CARTA ndi ena mwa makomo amene anzathu adutsira. Posankha supavaiza, musafune wodziwa mutuwu yekha, chifukwa ndi osowa. Funani wodziwa njira zofufuzira amene sadzachita manyazi dzina lake likaoneka pambali pa lanu.

Za kumpingo sindikuuzani chokhulupirira, ndipo kafukufuku sakufunsani kuti musinthe chikhulupiriro. Ine ndimaimba kwaya mpaka lero. Anthu adzanena, inde. Wina adzati mwadya ndalama za azungu, wina adzafunsa amuna anu ngati zonse zili bwino kunyumba. Ine amene amandifunsa ndimawayankha kuti tsiku limene ndinavala yunifolomu ndinalonjeza kusamalira wodwala aliyense, ndipo wakuba wobwera ndi apolisi ali ndi unyolo timamutsuka bala osamufunsa za mlandu wake. Ambiri amakhala chete pamenepo. Ena sakhala chete, ndipo muyenera kudziyeza nokha ngati mungapirire zimenezo zaka zingapo. Mukaona kuti simungathe panopa, palibe tchimo kusankha mutu wa kusalidwa m'makiliniki a ma ARV kwa odwala onse, n'kuikamo nkhaniyi ngati gawo limodzi.

Wachitatu uja, amene akubwerabe, musamusandutse kafukufuku. Ndi wodwala wanu, ndipo kumufunsa mafunso a sukulu komiti isanavomereze n'kulakwa, ngakhale atavomera ndi nkhope yosekerera, pakuti mankhwala ake ali m'manja mwanu. Chimene mungachite ulendo wotsatira ndi kutseka chitseko, kumufunsa dzina limene akufuna muzimuitanira, kulilemba ndi pensulo pakona ya khadi, ndi kufunsa ngati pali mapiritsi kapena jakisoni wina amene akugwiritsa ntchito kupatula amene mumamupatsa. Pamzere muziitana nambala. Awiri enawo, ngati mukufuna kuwalondola, dutsirani kwa aphunzitsi a anzawo amene mabungwe aja ali nawo. Musatumize munthu wa njinga yamoto ndi fayilo kukagogoda pakhomo pa makolo awo n'kufunsa dzina la pakabuku.